Mipira itatu yatha musanapume: kuthetsa mavuto pa mpikisano wa pinball ndi makina akale ku Joni

Dandaulo limene limabwerezedwa kwambiri pakati pa ife Amalawi amene tayamba kupita ku zionetsero za pinball (masewero a pa makina pamene mumamenya kampira kachitsulo ndi timikono toyendetsedwa ndi mabatani, totchedwa ma flipper, kuti kasagwere m'munsi) ndi makina akale a masewero kuno ku Joni ndi ili: "Makina amenewa ndimawadziwa bwino, koma pa mpikisano mipira yanga itatu inatha ndisanapume n'komwe." Munthu walipira pakhomo, walipiranso kulowa mpikisano, wapereka tsiku lake lokhalo lopuma pa sabata, ndiye watuluka ndime yoyamba. Ena amabwerako akunena kuti makinawo anali owonongeka, ena amadziimba mlandu kuti manja awo ndi olemera. Kawirikawiri onsewa amakhala asanapeze pamene pagona nkhani. Vuto limachokera kumodzi mwa mbali zitatu: mmene eni mpikisano atchera makina, kuwonongeka kwenikweni kwa makinawo, kapena zimene wosewera akuchita. Chochita chimasiyana pa mbali iliyonse, ndipo nthawi yozindikira kuti mwakumana ndi iti imakhala masekondi ochepa chabe.

Mpira ukuthamanga kuposa mmene mumaudziwira

Apa makina ali bwinobwino, angotcheredwa mowawa, ndipo ndi dala. Pa mpikisano pamabwera anthu oti akhoza kusunga mpira umodzi kwa theka la ola, choncho okonza akapanda kulimbitsa zinthu tsiku lonse likhoza kuthera pa ndime ziwiri. Amayamba ndi miyendo yakumbuyo. Makina amakono amayenera kupendekeka madigiri 6.5, koma akakweza kumbuyo pang'ono n'kufika cha pa 7, kampira kachitsulo ka magalamu pafupifupi 80 kaja kamatsika ndi liwiro lina. Bwalo amalipukuta n'kulipaka wakisi, ndiye mpira umangoterereka. Kenako amasuntha tizipilala totchinga tinjira ta m'mbali kuti khomo lotayira mpira likule, mwina n'kuchotsapo labala yake. Zotsala zili m'pulogalamu: masekondi aja amene makina amakubwezerani mpira ukagwa mutangouponya amafupikitsidwa kapena kuchotsedwa, ndipo mpira wowonjezera nthawi zambiri saperekedwa.

Zonsezi mukhoza kuziona musanagwire batani. Imani kumbuyo kwa amene akusewera, osamuyandikira kwambiri, muone pomwe mpira umagwera ukatuluka m'dzenje lililonse ndi pa ramp iliyonse (kanjira kokwera kodutsamo mpira). Yang'anani tizipilala ta m'mbali tija. Makina ambiri a makampani a Williams, Bally ndi Stern ali ndi kachubu ka madzi kumanja, pafupi ndi kanjira koponyera mpira, kosonyeza kupendekeka. Ngati apereka nthawi yoyeserera, musaithere pofuna mapointi. Siyani mpira ugwe pa flipper yosakwezedwa muone ngati ukudumphira ku inzake, ndipo menyani malo amene mukufuna kudzadalira kuti mudziwe mmene mpira ukubwererera.

Mankhwala enieni ndi kusiya kumenya mpira uliwonse umene wabwera. Pa makina othamanga, kumenya kulikonse kosalunjika ndi mwayi wina woti mpira ukagunde malabala a m'mbali n'kuthawira kunja. Mpira ukamatsika molunjika pakati pa flipper imodzi, chotsani chala pa batani, udumphire ku flipper inayo, mukweze imeneyo muutsekere pakona. Ukakhazikika, pumani, yang'anani chimene chikuwala, ndiye menyani. Pamafunika mtima kuti munthu asiye mpira ukubwera osaumenya, koma palibe luso lina limene limatalikitsa mpira mofulumira ngati limeneli. Sankhaninso malo omenya. Pa makina otchedwa Attack from Mars a 1995, zomenya za pakati zija zimakopa aliyense, koma mpira ukagunda pamenepo umabwerera mosadziwika kolowera, nthawi zina molunjika pakati pa ma flipper. Ma ramp amaubweza mwaulemu m'kanjira kopita ku flipper. Pa mpikisano ine ndimaona kuti mapointi apakatikati obwerezabwereza amaposa mapointi aakulu a mwayi umodzi.

Kumbukiraninso amene mukulimbana naye. M'mipikisano yambiri mumasewera m'magulu a anthu anayi, ndipo mapointi a ndimeyo amagawidwa motsatira malo, monga 7, 5, 3 ndi 1. Simukulimbana ndi manambala akuluakulu olembedwa m'makina, koma ndi anthu atatu amene mwaima nawo. Musanaponye mpira wachitatu, werengani kuti pakati pa inu ndi wotsatira pali mpata wotani, ndiye tsatani njira yosaopsa yokwanira kutseka mpatawo.

Makina angolemba TILT musanagwedeze kwenikweni

M'kati mwa bokosi, chakumanzere pafupi ndi chitseko cha ndalama, muli kachitsulo kolemera kolendewera pakati pa mphete yachitsulo. Kakakhudza mpheteyo, makina amachenjeza, ndipo machenjezo akatha makina amalemba TILT, ma flipper amafa, mpira umagwa, ndipo bonasi yonse ya mpira umenewo imapita. Pa makina ena akale kwambiri, aja a mabelu ndi manambala ozungulira pa mawilo, TILT imathetsa masewero anu onse, osati mpira umodzi. Eni mpikisano amasuntha kachitsuloka kuti mpata uchepe, ndipo ena amachepetsanso machenjezo.

Chimene chimapweteka ambiri ndi chakuti kachitsuloka sikaima inu mukasiya kugwedeza. Kamapitiriza kulendewera kwa kanthawi ndithu. Mukakankha kamodzi n'kukankhanso kasanakhazikike, mphamvu ziwirizo zimaphatikizana, ndipo machenjezo awiri akhoza kubwera motsatizana pa kukankha kumene inu mukuona ngati n'kochepa. Choncho mukalandira chenjezo, tsekerani mpira pa flipper ngati n'kotheka, mudikire. Ndipo ngati amene wasewera inu musanalowe wachoka akugwedeza makina, musathamangire kuponya. Imani masekondi angapo manja ali kumbuyo. Palibe amene angakuletseni. Osewera akale onse amachita zimenezi.

Kugwedeza pakokha n'kololedwa, ndipo munthu wosagwedeza konse amataya mipira yambiri imene akanaipulumutsa. Chofunika ndi kakankhidwe. Kukankha kwafupi, kwa chikhatho, kolunjika kutsogolo, pa nthawi imene mpira ukukhudza labala kapena kachipilala, kumasintha njira ya mpira koma sikusuntha kachitsulo kaja kwambiri. Kukoka makina onse cham'mbali ndi thupi lonse ndiye kumene kumaitana TILT. Mpira uli pakati pa bwalo osakhudza kanthu, kugwedeza sikuthandiza chilichonse.

Pali malire amene simuyenera kuwayandikira. Mpira ukadutsa kale ma flipper kapena kulowa m'kanjira kotayira, kumenya makina kuti ubwerere m'bwalo n'koletsedwa m'malamulo a IFPA, bungwe limene limasunga mndandanda wa osewera pinball padziko lonse. Ndipo mukagwedeza mwaukali mpira wanu utagwa, mpaka TILT n'kugwera mpira wa mnzanu wotsatira, ziro ya masewerowo ndi yanu. Mkwiyo ukabwera, chokani pa makina kaye.

Mpira ukukhotera mbali imodzi

Amene anaseweraponso pool pa malo a malonda kumudzi, pa tebulo lopachikidwa kakatoni pansi pa mwendo umodzi, akudziwa kuti mpira umamvera pansi. Makina a pa chionetsero amabwera pa galimoto, amaimikidwa mofulumira pa simenti ya holo imene si yosalala paliponse, ndipo tsiku likamapita amasunthika ndi kukankhidwa. Kupendekeka kotere sikumupatsa munthu mpira wina, chifukwa nonse anayi mukukumana nako. Dziwani mbali imene mpira ukukokedwera, tetezani kanjira ka mbali imeneyo, ndipo masewero akatha uzani woyang'anira.

Koma pa The Addams Family, makina a Bally a 1992 amene anagulitsidwa oposa 20,000 ndipo sasowa pa zionetsero, mpira ukakhota modabwitsa pakati pa bwalo si kuwonongeka. Pansi pake pali maginito amene amayaka pa zigawo zina za masewero, makamaka mipira ikakhala ingapo. Pamenepo kudalira kuti mpira utsika molunjika sikugwira.

Flipper yafooka, ramp ikukana

M'mawa mpira umakwera ramp mosavuta, madzulo ukufika theka n'kubwerera. Flipper iliyonse imakankhidwa ndi koyilo ya waya wa kopa, ndipo koyilo ikatentha chifukwa chosewereredwa maola ambiri mosapuma, mphamvu yake imatsika. Pa chionetsero pamene mzere wa anthu suduka, zimenezi zimachitika pafupifupi pa makina onse akale. Kufooka kotere sikuwerengedwa ngati kuwonongeka kokupatsani chipukuta misozi. Chochita n'kusintha njira: mpira wobwerera pa theka la ramp ndi umodzi mwa mipira yoopsa kwambiri, choncho ramp yotsetsereka ikakana kawiri isiyeni mufune mapointi m'munsi. Menyani mpira uli wokhazikika pa flipper, ndipo musamangokupiza ma flipper pachabe podikira, chifukwa mukuwonjezera kutentha komweko.

Ndi nkhani ina ngati flipper yasiyiratu kugwira, yakakamira m'mwamba, kapena labala yake yaduka. Kumeneko ndi kuwonongeka, ndipo chochita chili m'munsimu.

Makina azima kapena ayambiranso okha

Kuno ku Joni nkhani ya magetsi sitingaidumphe. Chaka cha 2023 chinatiphunzitsa kuti Eskom, kampani ya magetsi ya kuno, ikhoza kuzimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, ndipo ngakhale pamene load shedding palibe, dera limathima chifukwa cha zingwe zobedwa kapena mabingu a madzulo a m'nyengo ya mvula. Malo akuluakulu ali ndi jenereta, koma pakati pa kuthima ndi kuyaka kwa jeneretayo pamadutsa masekondi, ndipo masekondi amenewo ndi okwanira kufafaniza masewero.

Palinso vuto lina losaoneka. Makina a Williams ndi Bally a zaka za m'ma 1990 amadziwika ndi kuzima n'kuyambiranso okha mukakanikiza ma flipper onse awiri nthawi imodzi. Bolodi yake imafuna ma volti 5 osagwedera, ndipo ali ndi kachipangizo kamene kamayambitsanso makina mphamvuyo ikatsika pang'ono. Zipangizo zikakalamba, ndipo makina ambiri akalumikizidwa pa chingwe chimodzi m'holo kapena pa jenereta yolemedwa, kukoka kwa makoyilo awiri pamodzi kumakwanira kugwetsa mphamvuyo. Ngati mwamva kuti makina ena ayambiranso okha tsiku limenelo, pewani kukanikiza mabatani onse awiri pamodzi. Ndi chizolowezi choyenera kuchisiya ngakhale magetsi ali bwino, poti ma flipper onse akakwera khomo la pakati limakula.

Malamulo amati makina akazima popanda wolakwa, ngati mapointi a aliyense akudziwika, amalembedwa ndipo mipira yotsalayo imaseweredwa pa masewero atsopano n'kuphatikiza. Ngati sakudziwika, nonse mumayambiranso. Ndiye ngati mukutsogola, n'kwanzeru kujambula sikirini ndi foni pakati pa mipira, pamene palibe amene akusewera, makamaka kunja kukachita mdima wa mvula. Woyang'anira ndiye amagamula ngati chithunzicho chigwire ntchito, koma popanda icho palibe chokambirana.

Mpira wakakamira, kapena china chathyoka: kwezani dzanja nthawi yomweyo

Apa ndi pamene ife timaluza kwambiri, ndipo si chifukwa cha luso. Tinaleredwa kuti mlendo sadandaula pa nyumba ya eni, ndipo moyo wa kuno watiphunzitsa kusakopa maso a anthu pachabe. Ndiye mpira ukakakamira kumbuyo kwa pulasitiki, m'bale wathu amayang'ana uku ndi uku, amagwedeza mwakachetechete kuti aumasule yekha, makina n'kulemba TILT. Mwa lamulo mpira umenewo wapita, palibe chobwezera. Kapena flipper yafa pakati pa mpira, iye n'kupitiriza ndi imodzi mpaka masewero kutha, kenako n'kukanong'oneza mnzake kuti, "Achimwene, flipper yakumanzere ija sinkagwira." Masewero akatha, woyang'anira sangabwezenso kanthu.

Chochita ndi ichi. Mpira ukasowa, dikirani kaye. Makina amakono amaufufuza okha pakapita masekondi angapo, ndipo mudzamva makoyilo akuwomba limodzi ndi limodzi. Khalani tcheru manja ali pa mabatani, chifukwa mpira ukhoza kutuluka mwadzidzidzi. Ukapanda kutuluka, kwezani dzanja, kapena pemphani mmodzi wa m'gulu lanu aitane woyang'anira, inu osachoka pa makina. Iye adzatsegula, n'kuika mpira pa flipper kapena m'kanjira koponyera, ndipo mudzapitiriza osataya kanthu. Ngati chathyoka ndi flipper, tsekerani mpira pa imene ikugwira ngati mungathe, muitane. Kuwonongeka kukakhala kwakukulu n'kukudyerani mpira, malamulo amalola kukupatsani mpira umodzi pa masewero atsopano, mapointi ake n'kuwonjezedwa pa amene munali nawo. Musatsegule chitseko cha makina nokha, musazimitse, musakanikize batani loyambira.

Kuitana woyang'anira si mwano ndipo si kudandaula. Ndi ntchito imene iye wabwerera, ndipo osewera odziwa amamuitana kangapo pa tsiku. Chingerezi chapamwamba sichifunika: lozani pamene pali mpira, nenani zimene zachitika, basi. Akagamula, chigamulo chake n'chomaliza, ngakhale chisakukomereni.

Ziro imene sinachokere ku makina

Kusewera mpira wa mnzanu kumakuchotserani masewero onse. Musanaponye, yang'anani sikirini muone ngati nambala imene ikuthwanima ndi yanu. Ngozi imakula pamene wina wapatsidwa mpira wowonjezera kapena makina amubwezera mpira iye atachoka kale. Mukakaika, funsani. Za mpira wowonjezera funsiranitu m'mawa, chifukwa m'mipikisano yambiri umangoponyedwa osamenyedwa.

Lamulo lina limatikhudza ife makamaka. Kulangiza munthu pamene akusewera mpira n'koletsedwa, m'chilankhulo chilichonse. Kukuwa kuti "Menyani kumanja achemwali, kwayaka!" ndi kulangiza, ngakhale woyang'anira samva Chichewa, ndipo kamvekedwe ka mawu kamaulula. Kambiranani akachoka pa makina, pakati pa mipira.

Pac-Man akukana kukhota, Ryu sakuponya moto

Mbali ya makina oimirira a masewero a pa sikirini ili ndi mavuto ake, ndipo lofala kwambiri lili pa joystick, kandodo koyendetsera masewerowo. Pac-Man ya 1980 ndi Donkey Kong ya 1981 zinapangidwira joystick yoyenda mbali zinayi zokha. Mabokosi ambiri a masiku ano okhala ndi masewero makumimakumi m'kati amakhala ndi ya mbali zisanu ndi zitatu, yolola kupita chopingasa. Mukamachoka kumanzere kupita m'mwamba, dzanja limadutsa pakona pamene masiwichi awiri amakanikizika pamodzi, pulogalamu yakaleyo n'kusokonezeka, Pac-Man n'kupitirira pa mphambano, kapena Mario wa mu Donkey Kong n'kuima pansi pa makwerero mbiya ikubwera. Zungulitsani joystick musanayambe: ikamazungulira momasuka m'makona onse, ndi ya mbali zisanu ndi zitatu. Pamenepo bwezerani dzanja pakati musanasinthe njira, ndipo pa Pac-Man lozani kumene mukufuna kukhotera musanafike pa mphambano, chifukwa masewerowa amalola zimenezo.

Chachiwiri ndi sikirini. Makina oyambirira anali ndi sikirini ya chubu, yonga ya TV zakale zamsana zija, imene imaonetsa chithunzi nthawi yomweyo. Sikirini yopyapyala yoikidwa m'malo mwake ikhoza kuchedwa. Masewerowa amayenda zithunzi pafupifupi 60 pa sekondi, choncho kuchedwa kwa zithunzi ziwiri kapena zitatu kumamveka m'manja. Ngati kunyumba mumayeserera pa kompyuta, pa bokosi lenileni mudzapeza kuti mukudumpha msanga, ndipo kuchoka ku chubu kupita ku sikirini yopyapyala mudzapeza mukuchedwa. Masewero amodzi oyeserera pa bokosi la mpikisanolo amakonza zambiri.

Funsaninso kuti ndi mtundu uti weniweni. Njira zoloweza pamtima zimagwira pa Pac-Man chifukwa mizukwa yake imatsata malamulo osasintha, koma zimasweka ngati makina atcheredwa movuta kapena aikidwa chipangizo chothamangitsa. Pa Ms. Pac-Man sizigwira n'komwe, poti mizukwa ina imayamba mosadziwika kolowera. Street Fighter II, masewero a ndewu mmene muli Ryu woponya moto uja, nayo si imodzi: pali yoyamba ya 1991, Champion Edition ndi Hyper Fighting za 1992, mpaka Super Turbo ya 1994, ndipo liwiro ndi mphamvu za omenyanawo zimasiyana. Musanayambe ndewu yowerengedwa, pemphani kuyesa mabatani onse 6 ndi mbali zonse za joystick, kuphatikizapo makona a pansi amene mumadalira potchinga ndi poponya moto. Batani lofooka likadziwika ndewu isanayambe limakonzedwa kapena mumasamutsidwa. Likadziwika mutagonja, palibe amene adzabwereze ndewuyo.

Ndime zatalika, njira yobwerera ikutsekeka

Mpikisano wa pinball sutha pa nthawi yolembedwa, chifukwa ndime imadikira gulu lochedwa kwambiri. Malo ochitira zionetsero zikuluzikulu, monga Nasrec kapena Gallagher ku Midrand, ali kutali ndi kumene ambiri a ife timagona, sitima ya Gautrain siyenda mpaka pakati pa usiku, ndipo matakisi opita ku masiteji a m'tauni a Bree ndi Noord amachepa kukada. Nthawi yanu ikakwana inu palibe, amadikira mphindi zochepa, kenako woyang'anira amaponya mpira wanu n'kuusiya ugwe. Konzani zobwerera musanalembetse: gwirizanani anthu atatu kapena anayi a dera limodzi kuti mudzagawane mtengo wa galimoto yoitana pa foni, ndalama yake muiike padera ndi ya chakudya, ndipo foni ifike madzulo ili ndi moto. Ngati mukudziwa kuti muyenera kuchoka nthawi yakuti chifukwa cha ntchito ya m'mawa, uzani woyang'anira ndime yotsatira isanagawidwe, kuti asakuikeni m'gulu limene lidzatsale ndi anthu atatu akukudikirani.